Roboti Yopereka Moni

Mwamuna akakonda, makutu amatseka. Towera anali atamuuza Limbikani kambirimbiri kuti mayi ake si munthu wokopeka ndi zodabwitsa, chongofunika n'kuwapatsa moni mwaulemu, kukhala pansi n'kusunga pakamwa. Koma Lachisanu masana, atalowa m'chipinda chomwe ophunzira za maroboti amagwiriramo ntchito, anamupeza mnyamatayo akufunditsa chinthu china nsalu yakuda ya pawindo. Chinthucho chinali chotalika ngati mwana wa sitandade 3.

"Usayandikire," anatero Limbikani atatambasula manja. "Ichi ndi cha apongozi anga, si chako."

"Apongozi ako ati? Sanakuone n'komwe."

"Mawa andiona. Ndipo Chitumbuka ndakonzekera. Tandifunsa."

"Muli uli, adada?"

Limbikani anakhosomola, nawongola kolala. "Ndili ndi makola."

Towera anaseka mpaka kugwira tebulo. "Nili makora, iwe! Ukakati uli ndi makola, ankhazi anga, mlongo wa adada uja, akufunsa kuti ng'ombe zake zili kuti. Uli nazo?"

Analibe ngakhale mbuzi. Bambo ake anachokera ku Ntcheu kudzacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo Limbikani anakulira pakati pa mitengo ya paini, komwe aliyense amabwera ndi chiyankhulo cha kwawo n'kukumana pa Chichewa. Chitumbuka amachimva ndithu, koma chikafika pa lilime lake chimaterereka.

Mawa lake linali tsiku loti makolo ndi ana a m'masekondale adzaone maphunziro omwe koleji yawo yatsopano, kunja pang'ono kwa boma la Mzimba, imapereka: zachilengedwe, za maroboti, zopangapanga m'mafakitale ndi masamu. Kwa ena linali tsiku lodya mabisiketi aulere. Kwa Towera linali bwalo la milandu. Mayi ake, NyaTembo, anali atanena kamodzi kokha: "Sukuluyo ndidzaione, mnyamatayo ndidzamuone. Mtima ukakana, mbwenu tikwerera limodzi minibasi ya ku Jenda." Ndipo NyaTembo sanali munthu wobwereza mawu.

Sikuti anali ouma mtima chibadwire. Mwana wawo woyamba, Yona, anapita ku Joni kukasaka ganyu monga achitira anyamata ambiri a kuno, n'kubwerako m'bokosi lokhomedwa lomwe oyendetsa galimoto anati lisatsegulidwe. Anamuika osaona nkhope. Kuyambira pamenepo, galimoto ikaima pamsewu NyaTembo amasiya khasu n'kuyang'ana amene akutsika. Kulola mwana wotsalayo kuchoka pakhomo kunali ngati kudzizula okha dzino.

"Ndapota, Limbi," anatero Towera kuseka kutamuthera. "Usachite zambiri mawa. Ndikuopa."

"Ndikhulupirire. Akamva chinthuchi chikuwapatsa moni m'chiyankhulo chawo, adziwa kuti ndawalemekeza."

Nsalu yakuda ija inagwedezeka yokha, ndipo pansi pake china chake chinalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Limbikani anati anangoiwala kuchotsa batire. Towera anavomera ndi mutu, koma potuluka sanafune kuchipatsa msana chinthucho.

*

Panjira yopita kogona atsikana anakumana ndi Cedric, atatsamira mtengo ngati kuti mtengowo ndiye ukufuna thandizo. Cedric amaphunzira masamu. Anali wa mudzi umodzi ndi Towera, mnzake wa Yona wa ponda apa m'pondepo. Ku Joni anapitira limodzi, koma iye anabwerako akuyenda ndi miyendo yake, ali ndi jekete yachikopa yomwe amavala ngakhale dzuwa liswe mtengo. Bambo ake ali ndi khola lenileni, ndipo ankhazi a Towera akamatchula dzina la Cedric pakamwa pamachita kutsekemera. Towera anali atamukana kawiri konse.

"Ndamva amama akubwera," anatero Cedric. "Usadandaule, mnzako uja ndamuthandizako. Amavutika chomene ndi Chitumbuka."

"Iweyo kuthandiza Limbikani? Fisi anayamba liti kulondera mbuzi?"

"Aa, Towera, ine ndine munthu wa masamu. Sindilimbana ndi munthu. Ndimangoika zinthu m'malo mwake, yankho limabwera lokha."

Anamwetulira, koma maso sanamwetulire nawo. Towera anamulambalala, ndipo atangokhota anatulutsa foni.

"Cedric wakuthandiza chiyani?"

Yankho silinachedwe. "Kanthu kakang'ono. Si munthu woipa ngati mmene umanenera. Uona mawa." Kumapeto kwake kunali kachithunzi ka mtima.

Towera anayang'anitsitsa kamtimako. Amamukonda mnyamatayu chifukwa choti saganizira munthu zoipa, ndipo tsiku limenelo khalidwe lomwelo linamukwiyitsa.

*

Loweruka kunacha ndi chifunga. Chinatsika kuchokera kumapiri a Viphya n'kukhala pabwalo la koleji osasuntha, moti anthu amayamba kumveka mawu asanaoneke. Magetsi nawo anali atazima. M'makalasi munali kamdima ka ngati mvula ikubwera, ngakhale unali m'mawa.

NyaTembo anatulukira m'chifungamo atafunda chitenje chakuda, atanyamula kathumba ka pulasitiki komanga pakamwa. Pambuyo pawo panali ankhazi Rute, mlongo wa malemu bambo a Towera, mayi wamfupi amene mawu ake amafika iye asanafike.

"Sukulu yake ndi yomweyi? Kuzizira ngati kumanda," anatero ankhazi asanapereke n'komwe moni.

Towera anayamba nawo kwa a masamu. Kumeneko kunali mabolodi odzaza manambala, ndipo ankhazi anasuzumira uku ndi uku kufuna Cedric, koma sanaoneke. Kenako anapita kwa a zopangapanga, komwe anyamata amaonetsa mapampu a madzi ndi zitsulo za chigayo zomwe anasula okha. Mnyamata wina anafotokoza mwaulemu mmene chigayo chimazungulirira. Ankhazi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakoka NyaTembo dzanja.

"Anene zawozo. Chigayo sichizungulira chokha, mulamu. Tonse tikudziwa."

Kwa a zachilengedwe ndiko kunali kwa Towera. Anaonetsa mayi ake mabotolo a dothi lochokera m'madambo osiyanasiyana, ndi mbande za mbawa, muwanga ndi msuku zomwe iye ndi anzake anafesa m'timachubu. Anafotokoza mmene akufufuzira chomwe chikuumitsa mitsinje ya kumwera kwa boma, mawu akutuluka mothamanga chifukwa cha mantha. NyaTembo anawerama n'kukhudza tsamba la msuku ndi chala chimodzi.

"Masuku nawonso akulowa sukulu masiku ano?"

Anamwetulira. Kumwetulira kwawoko kunali kochepa, koma Towera anali asanakuone kuchokera tsiku la maliro, ndipo mtima wake unadumpha ndi chimwemwe.

"Nanga wa ku Ntcheuyo amaphunzira vichi?" anafunsa ankhazi.

Apa ndi pomwe Towera anapunthwa. Mawu oti roboti akanangowasokoneza, ndiye anafuna kuwafotokozera mwachidule kuti amve.

"Amapanga zinthu zogwira ntchito m'malo mwa munthu. Sizidya, sizigona, sizidandaula. Mwini wake akangozilamula, zimamvera."

Ankhazi anaima chilili. "Wati sizidya? Sizigona? Mwana iwe, chinthu chotero dzina lake tili nalo kalekale. Ndondocha."

Ndani sadziwa za ndondocha? Munthu amene mumati mwaika m'manda, pamene wina wamutenga m'matsenga kuti azimugwirira ntchito osapuma. Towera anaseka mokakamiza.

"Yayi, ankhazi. Ndi mawaya chabe ndi batire."

"Ndondocha amaidula lilime kuti isaulule," anatero ankhazi, ngati akudziyankhulira okha.

"Ndiye mwaona? Ya Limbikani imayankhula," anatero Towera.

NyaTembo anangofinya kathumba kawo kaja.

*

Limbikani anawadikirira pakhomo atavala shati yoyera yosita mpaka kuthwa. Anagwada bondo limodzi, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, ndipo Mulungu anamuchitira chifundo: za makola sanatchule. NyaTembo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Yewo, adada. Dzukani, pansi pakuzizira."

Towera anapuma. Akanakhala wanzeru, Limbikani akanalekera pomwepo. Koma mwana wa ku Ntcheu anali atagona ndi njala masiku ambiri chifukwa cha mphatso yakeyo.

"Amayi, ndakukonzerani kanthu. Ine Chitumbuka chimandivuta, ndiye ndapanga wondiyankhulira."

Anasolola nsalu yakuda ija. Roboti inali ndi thupi la mapaipi, matayala a njinga ya mwana, ndi timagetsi tiwiri tobiriwira pamalo a maso. M'kamdima ka m'chipindamo timagetsito tokha ndi timene timawala. Ana a sukulu amene anadzaza m'chipindamo anaombera m'manja. Inayenda yokha pang'onopang'ono, n'kudzaima patsogolo pa NyaTembo.

Choyamba chinamveka ndi mpweya, ngati munthu akukoka mpweya kuti ayankhule.

"Monire mose. Mwawuka uli? Yewo chomene pakwiza."

Mawuwo anali a mwamuna, otsika, aulesi pang'ono ngati a munthu wongodzuka kumene. Roboti inapitiriza kutchula maphunziro a pakolejipo limodzilimodzi, ndipo itafika pa masamu, panamveka kamluzu kakang'ono kodutsa pampata wa mano. Munthu mmodzi yekha padziko lapansi ndiye amatchula masamu choncho. Anali Yona.

Kathumba ka NyaTembo kanagwa n'kuphulika. Mtedza wokazinga, umene anabweretsera mnyamata wa mwana wawo, unamwazika pasimenti ponse. Sanakuwe. Anagwada pang'onopang'ono mpaka nkhope yawo inalingana ndi timagetsi tija.

"Yona? Mwana wane, unali kuti?"

Limbikani anaipanga roboti ija kuti ikaona munthu patsogolo pake izibwereza moni. Inakokanso mpweya.

"Monire mose. Mwawuka uli?"

"Tawuka makora, dada," anayankha NyaTembo, misozi ikutsika osaipukuta. "Kwali iwe? Akukupatsa chakudya?"

Apa m'pamene ankhazi Rute anaika manja kumutu n'kuyamba kukuwa. "Ndinanena ine! Bokosi lija munalibe munthu! Mwana wa mlongo wanga ali m'chitsulo! Anthuni, bwerani mudzaone!"

Ana a sukulu anathawa mopondana, ena kudzera pawindo. Makolo amene anali panja anayamba kuitana ana awo m'chifunga, mayina akumveka uku ndi uku popanda nkhope. Limbikani anathamanga n'kuzula waya wa batire. Timagetsi tinazima, ndipo NyaTembo analira kulira komwe sanalire pa maliro.

"Mwamuzimitsiranji? Amayankhula nane!"

*

Aphunzitsi awiri anawatulutsa amayiwo n'kukawakhazika pabenchi la pakhonde, akuyesa kufotokoza za makompyuta kwa anthu amene makutu awo anali kwina. M'chipinda munatsala Towera ndi Limbikani, ndi mtedza wopondedwapondedwa.

"Mawuwo unawatenga kuti?" Towera anafunsa motsitsa, ndipo kutsitsako kunamuopsa Limbikani kuposa kukuwa kwa ankhazi.

"Kwa Cedric. Ndinamuuza kuti ndikufuna mawu a mwamuna woyankhula Chitumbuka chenicheni. Ananditumizira mameseji a mawu, akuti ndi a msuweni wake ali ku Joni, ndipo wavomera. Kompyuta inaphunzira mawuwo, basi. Chilichonse ndingalembe imachinena ndi liwu lomwelo." Anamuyang'ana m'maso. "Towera, mlongo wako sindinamumvepo akuyankhula. Ndikanadziwa bwanji?"

"Ndinakufunsa dzulo."

"Unandifunsa."

"Unanditumizira kamtima."

Limbikani anaimbira Cedric. Foni inali yozima. Anaimbanso, ngati kuti foni yozima imasintha maganizo. Kenako anakoka mpando, natsegula kompyuta yake yomwe inali idakali ndi moto.

"Ndifufuta zonse pompano. Mameseji ake, liwu lake, zonse. Ndiika mawu anga, ndi makola anga omwewo. Akabwera aone kuti ndi chitsulo chabe."

Chala chake chinali chitatsala pang'ono kugunda batani pamene Towera anamugwira dzanja.

"Dikira."

Foni ya Yona sinabwere ndi bokosi lija. Ya Towera, momwe munali mameseji ake onse, inabedwa pa depoti ya Jenda chaka chatha. Kunyumba kunangotsala chithunzi chimodzi cha pachitupa, ndipo chithunzi sichiyankhula. Towera anali atayamba kuiwala mmene mlongo wake amasekera, ndipo usiku wina analirapo chifukwa cha zimenezo osauza munthu. Iye ndi wophunzira, amadziwa bwino lomwe kuti m'mapaipimo mulibe munthu. Koma kudziwa ndi kwina, mtima ndi wina.

"Wati chilichonse ungalembe imanena?"

"Towera, ayi. Si iyeyo."

"Ndikudziwa kuti si iyeyo! Ukuyesa ndapenga? Kamodzi kokha, Limbi. Ndapota. Kenako ufufute."

Limbikani anayang'ana kukhomo. Kunja ankhazi anali akufotokozabe nkhani ya bokosi kwa aliyense wofuna kumva, ndipo ofuna kumva anali ambiri. Nzeru zimamuuza kuti akane. Koma nkhope ya Towera inali itanyowa, ndipo mnyamatayu anali asanaphunzire kumukaniza kanthu. Analumikizanso batire. Timagetsi tinayaka.

"Ndilembe chiyani?"

"Lemba kuti, Towe, kamdumbu kane, leka kulira. Ndi mmene amanenera kwa ine kamlongo kake ndikagwa tili ana."

Anamutchulira chilembo chimodzichimodzi, iye akulemba. Roboti inatembenuka pa matayala ake kufuna munthu, n'kumupeza. Inakoka mpweya uja.

"Towe, kamdumbu kane, leka kulira."

Towera anayandikira roboti ija. Anakhala pansi pa simenti yozizira, nagwira paipi yomwe inali ngati dzanja, n'kulira ngati mwana. Zala za Limbikani zinali zidakali pa kompyuta.

Towera sanamve kuti panja pati zii. Atatukula maso, NyaTembo anali ataima pakhomo, chifunga chili kumsana kwawo. Sanali kuyang'ana roboti, kapena mwana wawo wamkazi. Amayang'ana zala za Limbikani.

"Poyamba amangobwereza moni," anatero mofatsa. "Inu mwagwira apo, wamudziwa mdumbu wake."

"Amayi, ndi makina. Ndikhoza kukuonetsani mmene..."

"Ndaona kale, adada. Amamvera inu."

"Amama, yayi!" Towera anadzuka. "Ndine ndamuuza zoti alembe. Mulibe munthu umu. Akufuna afufute pompano, muone nokha."

"Afufute?" NyaTembo analowa n'kuima pakati pa roboti ndi tebulo, atatambasula chitenje ngati nkhuku yofungatira anapiye. "Ndinamuika kamodzi osamuona. Wina akamuphanso ndikuona, ndifera pompano."

Limbikani anachotsa manja pa kompyuta. Akasunga mawuwo, ndiye kuti ndi mfiti yosunga mwana wa eni. Akawafufuta, ndiye kuti wapha munthu mayi ake akuona. Anayang'ana Towera kuti amuthandize, koma Towera maso anali pa mayi ake.

NyaTembo anagwira mwana wawo pamkono. Kugwira kwawo sikunali kwa ukali, koma Towera anadziwa kuti sapulumukamo.

"Katenge katundu wako, tikukwera ya ku Jenda." Kenako anatembenukira kwa Limbikani, n'kuwerama pang'ono mwaulemu wonse woyenera mkamwini. "Adada, ndinabwera kuti ndikulandireni. Ng'ombe sindikanakufunsani, ndikudziwa mulibe. Tsopano malowolo anu ndi amodzi okha. Mumutulutse Yona m'chitsulomo, mubwere naye kunyumba akuyenda ndi miyendo yake. Tsiku limenelo Towera ndi wanu."